Tinaika Amayi Achimwene Ali M'njira

Inu owerenga, amayi anga tinawaika m'manda mwana wawo woyamba asanawaone nkhope. Sichinali chifukwa cha ngozi kapena kusowa thiransipoti. Chinali chifukwa cha bambo wina amene ankadziwa kuti makina ake sakulandira makalata, koma anasankha kutseka pakamwa. Papita zaka, koma ndikamukumbukira mtima umanditenthabe.

Zinali zaka zija boma linkagulitsa makampani, ntchito zikutha paliponse. Achimwene anga a Yohane, omwe anali mphunzitsi, anatopa ndi malipiro osafika pakati pa mwezi, n'kupita ku Botswana kukaphunzitsa kusukulu ina yakumudzi. Ine ndinatsala ndi amayi ku Matero. Foni kwathu kunalibe. Chotilumikiza chinali imelo: iwo ankalemba pa kompyuta ya kusukulu kwawo, ine ndinkakawerenga pa intaneti kafe ya a Tembo, pafupi ndi msika. A Tembowo ankapatsa makasitomala adiresi yothera ndi dzina la kafe yawo, ndipo ankadzitama kuti imeneyo ndi yathu ya m'Zambia muno, osati zaulere zakunja zija. Ndinatenga yomweyo, ina ndinalibe.

Amayi anamwalira Lamlungu kuchipatala. Lolemba m'mawa ndinathamangira kwa a Tembo, ndinalemba uthenga misozi ikugwera pa mabatani, ndipo kompyuta inaonetsa kuti wapita. Madzulo ndinabwerera, m'bokosi mwanga munali mbee. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinafunsa a Tembo ngati zonse zinali bwino.

"Sisi, makina yali che bwino," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Simunaone yanu yayenda? Ngati ba brother sibayankha, vuto ni beve, osati kompyuta."

Mukudziwa mmene maliro athu amakhalira m'komboni. Azibambo panja pa tenti, azimayi m'nyumba pansi, akwaya akusinthana, ndipo onsewo ayenera kudya. Thupi lili kumotchale, masiku akupita. Kwathu mwana woyamba ndiye amatsogolera poona nkhope, ndiyenso amaponya dothi loyamba, choncho aliyense ankayang'ana ine ndikamalowa pageti. Azakhali anayamba kunong'ona kuti Botswana yawadya mutu a Yohane, mwina apezako mkazi. Lachitatu atsibweni anandiitana pamaso pa akuluakulu a mpingo n'kundifunsa ngati ayankha. Ndinati ayi. Iwo anagwedeza mutu nati sitingasunge mlongo wawo m'firiji podikira munthu wosafuna kubwera. Tinaika Lachinayi kumanda a ku Chingwere, ndipo dothi loyamba anaponya atsibweniwo.

Loweruka masana, tenti titachotsa kale, ndinkatsuka mapoto obwereka kumpingo. Ndinaona achimwene ataima pageti, fumbi lokhalokha, chikwama kuphewa, bulangete latsopano lofunditsa amayi lili m'khwapa. Anayang'ana bwalo lopanda anthu lija n'kufunsa kuti maliro asamukira kuti. Atamvetsa kuti tinaika kale, anakhala pansi pomwepo pageti. "Ndinakulembera kuti mundidikire," anatero. "Ndinalemba tsiku lomwelo. Ndinalembanso mawa lake."

Lolemba lotsatira anaitana mnzawo wa kusukulu, a Mulenga, amene ankagwira ntchito ya makompyuta m'tauni, ndipo tinapita tonse kwa a Tembo. A Mulenga asananyamuke kuofesi kwawo anali atatumiza uthenga woyesera ku adiresi yanga, koma sunafike. Anakhala pa kompyuta, nalemba mawu ochepa, kenako anatifotokozera. Anati dzina la kumapeto kwa adiresi lili ndi malo amene limalembedwa, otchedwa DNS, ndipo pamenepo pali mzere umodzi, MX, wouza dziko lonse kuti makalata a dzina limeneli azikatulidwa pa makina ati. A Tembo anali atasiya kampani yakale ya intaneti n'kupita ku yatsopano yotchipa, koma mzere uja unkalozabe ku makina a kampani yakale, omwe sankalandiranso makalata awo. Otuluka ankapita bwinobwino. Obwera ankagogoda pakhomo lotseka, ndipo makina otumiza amayesabe kwa masiku angapo asanabweze uthenga kwa mwini wake. N'chifukwa chake achimwene ananyamuka ali ndi mtima woti ndamva.

A Mulenga anafunsa a Tembo kuti chisinthireni kampani, alipo kasitomala amene walandirapo kalata? A Tembo anakanda m'mutu. "Bantu benze kudandaula, koma nenze kuganiza vizakonzeka veka." Zikonzeka zokha! Munthu ankandiona ndikulowa ndi duku la maliro m'mawa ndi madzulo, akudziwa kuti bokosi lililonse m'chipinda chija ndi louma, n'kumandiuza kuti vuto ndi mchimwene wanga. Akanangoti, sisi, yesani kwina, amayi akanadikira. Ndinamukalipira mpaka azimayi ogulitsa tomato panja anabwera kudzandigwira, ndipo sindichita nazo manyazi.

Kukonza kwake kunali kuimba foni imodzi ku kampani yosunga dzina lija kuti asinthe mzerewo. Foni imodzi basi. Pofika madzulo makalata anayamba kulowa. Oyambirira aja anali atabwerera kale ku Botswana, koma umodzi unali ukuyesabe, umene achimwene analemba ali m'njira. Unafika iwo ataima kumbuyo kwanga. Unkati: "Ndatsala pang'ono kuwoloka malire pa Kazungula. Uwauze atsibweni asafulumire, ndikufuna amayi ndiwafunditse ndekha."

Inu owerenga, kompyuta ikanena kuti uthenga wapita, sizitanthauza kuti yankho lipeza njira yobwerera. Wachibale akakhala chete pa nkhani yaikulu, musathamangire kumuweruza. Dzitumizireni uthenga kuchokera pa adiresi ina muone ngati ufika, ndipo pezani foni ngakhale ikhale ya kupolisi kapena ya abusa. Ndipo inu osunga makina a anthu, mukasintha kampani onetsetsani kumene dzina lanu likuloza, ndipo zikavuta nenani poyera.

Achimwene anakhululukira atsibweni, inenso anandikhululukira. Koma mpaka lero akamva kuti kwa anansi kwagwa maliro, amafika woyamba, ndipo funso lawo limakhala limodzi: kodi ana onse amva, ndipo mwamva mawu awo ndi makutu anu?