Tsiku limene makina anakana khadi la ankhoswe

Ntchito yanga yoyamba ya boma inandipeza pansi pa ambulera mumsika wa Metangula. Nditamaliza sekondale ndalama zopitira patsogolo panalibe, ndiye msuweni wanga anandikhazika pa kathebulo kake kotumizira ndalama za pafoni. Mmodzi mwa makasitomala anga anali a Dona Rozita, mayi wamfupi wovala magalasi, amene ankayang'anira ofesi yolembetsa ana obadwa ndi maukwati. Tsiku lina anaima pambali n'kumandionerera ndikuthandiza bambo wina wokalamba amene anaiwala nambala yake yachinsinsi. Bamboyo atapita anati, "Luiza, kwathu akufuna munthu wa pakauntala. Kalembe mayeso. Sindikukulonjeza kanthu." Ndinalemba ndipo ndinakhoza. Bambo anga ku Nkholongue anauza asodzi anzawo onse padoko kuti mwana wawo tsopano ndi boma.

Zida zanga zinali zochepa: chidindo ndi inki yake, sitepula, ndi makina olipirira pa khadi la kubanki, aang'ono ngati sopo wochapira. Ofesi inali itasiya kulandira ndalama pamanja. Munthu ankasankha kukalipira kubanki n'kubwera ndi talau, kapepala kosonyeza kuti walipira, kapena kulipira pomwepo ndi khadi. Ine ndinkalemba mtengo pamakinawo, n'kulowetsa khadi, mwini wake n'kudina nambala yachinsinsi. Zikatheka makina ankatulutsa matalau awiri. Limodzi ndinkalimata pa fayilo, linalo n'kupatsa mwini wake. Rede, netiweki ya foni, ikafooka, makina osalumikizana ndi banki, ndinkatuluka nawo panja kukaima pansi pa mtengo wa mango, chifukwa pamenepo ndi pomwe inkagwira bwino.

Chovuta chinali takisha. Banki imadula kangachepe pa malipiro aliwonse a khadi. Poyamba ofesi ndi imene inkaluza kangachepeko, koma ndalama zofika ku boma zinkaperewera pa mtengo woikika. Ndiye nditangoyamba kumene ntchito kunabwera lamulo lochokera kumwamba loti wolipirayo ndi amene azisenza. Sizinali ndalama zambiri, mwina zogulira kambale ka usipa, koma anthu ankamva kuwawa. Bambo wina anandifunsa ngati makinawo amadya. Ena ankaganiza kuti takishayo imalowa m'thumba mwanga, moti mayi anga anafunsidwa kutchalitchi kuti ndimanga liti nyumba ya malata. Chidziwitso chinalipo pakhoma, koma chinali cha Chipwitikizi, zilembo zake zazing'ono.

A Dona Rozita anandipatsa malamulo awiri. "Usalandire ndalama pamanja, ngakhale khobidi," anatero. "Komanso usalipirire munthu ndi khadi lako. Ukangoyamba, mawa boma lonse la Lago likhala pakhomo pako."

Tsiku limene sindiliiwala linali Lachisanu masana, nyengo yotentha mvula isanayambe. Kunalowa gulu la anthu a ukwati. Mkwatibwi anali Agnesi, mtsikana wa kunyanja kuno amene ankachita malonda a nsomba zouma ndi chimanga. Mkwati anali mnyamata wofatsa wa ku Maniamba. Mbali iliyonse inabwera ndi ankhoswe ake. Ankhoswe a kuchimuna anali a Mateyu, mlimi wamtali amene anavala jekete ngakhale kunali kutentha. Ankhoswe a kuchikazi anali amalume ake a Agnesi, a Barnaba, msodzi wa mawu aakulu amene ankaimba kwaya ku Angilikani. Mapepala anali atayambidwa kale mwezi wapitawo. Chinatsala chinali kulipira n'kutenga chikalata, chifukwa ansembe anali atanena kuti popanda pepala la boma sadalitsa ukwatiwo mawa lake. Gululo linafika mochedwa chifukwa chapa, minibasi yochokera ku Maniamba, inaphulika tayala potsika phiri.

Ankhoswe awiriwa ankaoneka kuti akhala akupikisana kuyambira tsiku la chinkhoswe. Ali pamzere a Barnaba ankanena mokweza kuti anthu a kumtunda amawerenga njere za chimanga asanapatse nkhuku. A Mateyu ankangoseka, n'kuyankha kuti mapepala onse ndi a mbali yawo, monga anagwirizana, ndipo palibe wa kunyanja amene atulutse kanthu.

Atafika pakauntala ndinatchula mtengo n'kuwonjezera kuti palinso takisha ya khadi. Muofesi munali phokoso, ndipo sindikudziwa ngati anamva. Anangokweza dzanja n'kuti, "Pitirizani, mwananga." Ndinalowetsa khadi, iwo anadina nambala ndi chala chimodzi, modekha. Makina anaganiza pang'ono, kenaka analemba kuti ndalama za m'khadimo sizikukwana.

A Mateyu anawerama n'kuwerenga okha. Nkhope yawo inasintha. Ananong'ona kuti iwo anaika ndendende mtengo umene anauzidwa mwezi watha, za takisha sanazimvepo. Nthawi yomweyo a Barnaba anasuzumira paphewa pawo n'kundifunsa, "Akuti chiyani makinawo, mwana wanga?"

Mpaka tsiku limenelo ndinkangowerenga mokweza zimene makina alemba, osaganizapo. Koma kumbuyo kwa a Mateyu kunali azakhali, alongo ndi anthu ena a pamzere, onse akudikira yankho langa. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Rede yathawa, abambo. Ndikaifunefune panja."

Ndikutuluka, ndinkaganiza chochita. Banki inali itatseka kale mpaka Lolemba. A Barnaba khadi analibe, ndipo ndalama za pamanja sindikanalandira. Ngakhale ndikanalandira, nkhani yoti a kuchimuna analephera kulipira pepala ikanatsatira banjalo mpaka kwa adzukulu. Langa khadi linali m'chikwama, koma a Dona Rozita ankandiona pawindo. Ndipo ndinali nditamva pamzere kuti mbuzi zaphedwa kale, thobwa laphikidwa, abale ena afika pa boti kuchokera ku Likoma.

Ndinaima pansi pa mango n'kukweza makina m'mwamba, pomwe rede inali yodzaza bwinobwino. Posakhalitsa Agnesi anabwera n'kuima pafupi nane ngati akubisala dzuwa.

"Achemwali," anatero chapansipansi, "foni yanga ikugwira bwino. Chavuta n'chiyani?"

Ndinamuuza kuti za m'khadi la munthu sindinganene. Anandiyang'ana, n'kufunsa funso lina: "Nanga takisha yanu ija ndi zingati?" Imeneyo sinali chinsinsi, inali pakhoma, ndiye ndinamuuza. Anagwedeza mutu n'kutulutsa foni m'chitenje. Anati nambala ya akaunti ya a Mateyu ali nayo, chifukwa chimanga chimene amagulitsa amachigula kwa iwowo. Zala zake zinathamanga pafoni, akutumiza ndalama za takishayo. Kenaka anati, "Musatsitse mkono mpaka zifike."

Ndalamazo zinachedwa kufika, ndipo mkono unayamba kuwawa. Anthu anatopa kudikira mkati n'kutuluka onse. Aliyense anasanduka katswiri wa rede. Mayi wina anati ndizimitse makinawo n'kuyatsanso. Msodzi wina anadzipereka kukwera nawo mumtengo. A Barnaba anandigwira mapewa n'kunditembenuza kuti ndiyang'ane kunyanja, akuti rede yamphamvu imabwera ndi mphepo kuchokera kutsidya. Ine ndinkangovomera zonse, thukuta likutsika, ndikudziletsa kuseka. A Mateyu okha anaima patali, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi.

Kenaka foni inalira m'thumba la jekete yawo. Anaitulutsa, n'kuitalikitsa ndi maso monga amachitira akuluakulu, n'kuwerenga nthawi yaitali. Uthenga wa kubanki umatchula dzina la wotumiza. Anakweza maso n'kuyang'ana Agnesi. Iye anali kalikiliki kumanga chitenje chake, nkhope ili kwina. A Mateyu anabweza foni m'thumba, anakonza jekete, n'kubwera kwa ine.

"Tayesaninso, mwananga."

Ndinalemba mtengo ndi takisha, ndinalowetsa khadi, iwo anadina nambala. Makina analira n'kuyamba kutulutsa talau. Azimayi analulutira pomwepo pansi pa mtengo. A Barnaba anauza aliyense kuti akanapanda iwo kunditembenuzira kunyanja tikanagona pomwepo.

Tinabwerera mkati. Ndinamata talau pa fayilo, a Dona Rozita anasaina, ine ndinadinda chikalata n'kuchipereka kwa a Mateyu ndi manja awiri. Anachipinda mosamala n'kuchiika m'thumba la mkati. Ali pakhomo anagwira a Barnaba dzanja, osalisiya msanga, n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu munamulera bwino." A Barnaba sanadziwe chimene chabweretsa mawu amenewo, koma anakondwa kwambiri, moti anayamba kufotokoza m'mene ankamutengera Agnesi kusukulu pa njinga. Anatsetserekera kumsika akuseka limodzi.

Titatseka, a Dona Rozita anandiitana. Anavula magalasi n'kundifunsa ngati rede inathawa pa makina anga okha, pakuti kompyuta yawo sinasiye kugwira. Ndinawauza zonse mwamantha, poti ndinali ndisanakhazikike pa ntchito. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Atatha anati, "Bodza usalizolowere. Koma wofunsa akakhala kuti si mwini khadi, sukakamizidwa kumuyankha." Anandituma kuti Lolemba ndilembe chidziwitso cha takisha m'Chinyanja, zilembo zikuluzikulu, ndi kuti aliyense wobwera kudzafunsa mtengo azimva za takisha tsiku lomwelo, asanapite kukasonkhanitsa ndalama kumudzi.

Za takishayo maganizo anga sanasinthe. Ndimaona kuti imapweteka kwambiri amene ali ndi zochepa, ndipo pamisonkhano ya ogwira ntchito ndimanena zimenezi. Koma kuichotsa si mphamvu zanga. Zimene zili m'manja mwanga ndimazichita. Ndimatchula ndalama zonse pamodzi munthu asanatulutse khadi, n'kudikira mpaka ataonetsa kuti wamva. Makina ndimawatembenuzira kwa mwini wake yekha. Makinawo akakana khadi, sindinamizanso rede. Ndimangoti, "Tabwerani mbali ino," n'kulankhula naye chapansipansi, tipeze chochita tili awiri.

Anyamata atsopano amene ndimawaphunzitsa pakauntala amagwira msanga za mabatani. Chimene ndimachedwa nacho ndi chimodzi. Ndimawauza kuti khadi likakanidwa, kwa ife nkhani imathera pomwepo, timaitana wotsatira. Koma munthu ujayo akatuluka pakhomo akakwera chapa imodzi ndi anthu onse amene anamva, ndipo njira yokwera ku Maniamba ndi yaitali.