Gilili ya Alamu

Raston Chunga anabadwa pa 9 Novembala 1968 kwa Kanyenda. Ntchito yowongola ndi kupenta magalimoto anaiphunzira ku galaja ya fakitale ya shuga ku Dwangwa, komwe analowa ali wosesa pansi natuluka ali mmisiri. Pa 27 Ogasiti 1994 anakwatira Keti wa ku Benga, ndipo ntchito ya ku fakitale itatha mu 2009 anasamukira kwawo kwa mkaziyo, namanga nyumba pa malo a apongozi ake, chapafupi ndi msewu wa tala. Anali munthu wosachuluka mawu, wa zikhatho zokhakhala ngati khungwa la mtengo wa mango. Anthu ankaidziwa nyumba yake ndi zitseko za maminibasi zimene ankapachika mumtengo kuti penti iume. Imvi zinamera ali pamudzipo, koma anali mkamwini basi, ndipo mkamwini sakana ntchito ya mwini mbumba.

Mwini mbumbayo anali Steward, mlongo wake wa Keti, amene anali ndi pikapu yonyamulira usipa kupita nawo ku Salima. Lachiwiri pa 18 Julaye 2023, mwera ukuwomba, Steward anafika wapansi atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'chiguduli. Atachimasula, Raston anaona kuti ndi gilili, chija chimakhala kumaso kwa galimoto pakati pa nyali ziwiri, chowala ngati siliva.

"Alamu, ichi ndikuchifuna chakuda bii," anatero Steward. "Chowalachi chichoke chonse."

"Galimoto ili kuti?"

"Mwayamba liti upolisi?"

Raston anayendetsa chala pangodya. "Apa pathyoka. Chidutswa chake chili kuti?"

"Kafunseni mbuzi imene inandidutsa kutsogolo. Matani, mupente. Mawa madzulo ndichipeze chouma."

Penti sigwira pa khungu lowalalo, limene amisiri amati kolomu. Ukangopaka pamwamba, pakapita mwezi imafundula ngati njoka. Choncho Raston anayamba monga ankachitira nthawi zonse. Analemba mizere ndi lezala kuti mankhwala apeze polowera, kenaka anaviika gililiyo m'chibenthu cha bwato lakale chimene ankasunga kuseri kwa nyumba, poti panalibe beseni lotalika chotero. Ikafewa ankaitulutsa n'kumapala ndi sandipepa, mpata uliwonse pawokha, kolomu n'kumayoyoka ngati mamba a chambo.

Dzuwa lili pamutu Keti anabwera kuchokera kumsika ndi uthenga. Maganizo, mnyamata wa kabaza wa m'mudzi momwemo, anagundidwa mbandakucha pafupi ndi mlatho. Galimoto sinaime. Anamupeza m'ngalande, njinga itapindika ngati waya, ndipo anatsirizikira panjira yopita kuchipatala.

Raston anaika sandipepa pansi. Anatembenuza gilili ija n'kuyang'ana kumbuyo kwake, kumene Steward sanafikeko ndi madzi poitsuka. M'kampata kena munali kansanza kobiriwira konyezimira, ka malaya aja amavala akabaza kuti azioneka pamsewu. Anakakoka ndi pulayala, nakaika pa chikhatho.

"Mayi a Mwawi," anatero kwa mkazi wake, "mbuzi za kuno zayamba kuvala malaya?"

Keti anayang'ana kansanzako, nakhala pansi pa mchenga. Patapita kanthawi anakatenga n'kukaponya pa mbaula.

"Ndi mlongo wanga. Akugona kwa amayi. Akabaza mukuwadziwa, adzaotcha nyumba ndi amayi omwe ali momwemo. Malizani chinthuchi chichoke pakhomo pano."

Lachitatu pa 19 Julaye linali tsiku loika maliro. Pamsewu anayala masamba. Pamudzi pakagwa zovuta palibe amene amagwira khasu, ukonde kapena nyundo kufikira manda atatsekedwa, ndipo adzukulu, anyamata okumba manda, ali ndi mphamvu yolipitsa aliyense wopezeka pantchito. Raston ankalidziwa lamulolo kuyambira ali mwana. M'mawa anapita kusiwa, anakhala pang'ono ndi amuna anzake, kenaka anazemba. Ankaganiza kuti kuseri kwa nyumba sadzaoneka. Sanaganize za makutu a anthu. Tsikulo chigayo sichinalire, wailesi za m'magolosale zinali zozimitsa, ndipo phokoso la sandipepa, khwee khwee, linakwera mwera mpaka kukafika panjira ya kumanda.

Anafika anyamata a makasu, matope mpaka m'mawondo, wotsogolera wawo Ramsey akuseka. Kumbuyo kwawo kunali akabaza angapo amene ankathandiza kukumba manda a mnzawo, pamodzi ndi wapampando wawo, Abasi.

"Madala, madala!" anatero Ramsey. "Ife tikukumba, inu mukupala? Mukafa inu tidzakukwirirani ndi sandipepa?"

"Ndalakwa, adzukulu."

"Kulakwa sitidya. Nkhuku ituluke. Osati yonyentchera, tikufuna yoti ikaponda pansi pazimveka."

Keti anali atayamba kale kuthamangitsa tambala kuzungulira khola, anyamata akumulozera uku ndi uku, pamene Abasi anawerama pa chibenthu cha bwato chija. Iye sankaseka. Anapisa dzanja m'thumba natulutsa kachidutswa kowala kamene anakazula pakati pa masipoko a njinga ya Maganizo. Gilili inali itatuwa yonse, kachidutswako kakuwala, koma atakaika pangodya yothyoka kanalowa ngati chivundikiro pa mphika wake.

Kuseka kunatha. Woyamba kumenya anali Abasi, ndi gilili yomweyo, kumaso. Raston anagwera pa mchenga milomo itang'ambika. Mpini wa khasu unamupeza m'nthiti, wina pamsana. Wina anagubuduza bwato, mankhwala aja n'kumuthira m'miyendo, khungu n'kuyamba kuyabwa ngati moto. Mfuu inafika kusiwa, ndipo anthu anasiya nyimbo n'kuthamangira komweko, amayi atamanga zitenje m'chiuno, ena atatola miyala panjira.

"Wakupha ndi ameneyu!"

"Alibe galimoto ameneyu, ngakhale njinga alibe!" anakuwa Ramsey, koma mawu ake anamira.

Abasi anamumva. Anagwira Raston pakhosi pa malaya n'kumudzutsa. "N'zoona, mdala, galimoto mulibe. Ndiye tiuzeni, ndi ya ndani?"

Raston anaona ndi diso limodzi mnyamata wina akupopa petulo m'njinga yamoto kuthira m'botolo. Nyumba ya apongozi ake inali yaudzu, ndipo gogoyo sankayenda popanda ndodo. Analavula magazi.

"Anabwera nayo munthu wodutsa. Sindimudziwa."

"Mkamwini wabodza! Wodutsa angakusiyireni katundu osatchula dzina?"

Pakhomopo panali chidutswa cha njanji chimene Raston ankawongolerapo malata a galimoto. Anamukokera pamenepo. Awiri anamukhalira pamsana, wina anaponda mkono wake wamanja, natambasula zala pa chitsulocho. Abasi anatola nyundo ya Raston yemweyo.

"Dzanja ili ndi limene limafufuta magazi a Maganizo. Ndi ya ndani?"

Raston anatseka maso. Nyundo inagwa pa chala chaching'ono, ndipo phokoso lake linamveka ngati chinangwa chouma chikamathyoka. Anakuwa mpaka mawu anasasa, koma dzina silinatuluke.

"Ndi ya ndani, mdala?"

Inagwanso. Amayi ena anatembenuka kuyang'ana kumbali, ena ankati, "Mpatseni ina, anene!" Raston sankamvanso dzanja lake, ankangomva kutentha kukukwera m'phewa ndi mchenga m'kamwa. Pamene nyundo inagwa kachitatu anamva mawu a Keti pamwamba pa phokoso lonselo.

"Ndi ya Steward! Ndi ya mlongo wanga Steward! Pikapu waibisa m'munda wa chinangwa kuseri kwa amayi. Musiyeni mwamuna wanga!"

Anamusiya pomwepo ngati thumba. Gulu lonse linakhamukira kwa apongozi, wa botolo la petulo ali patsogolo. Ramsey yekha anatsala, namanga dzanja la Raston ndi malaya ake amatope, uku akutukwana. Pikapu anaipeza itafunditsidwa udzu, naiotcha mpaka matayala kuphulika. Gogo uja anamutulutsa m'nyumba n'kumukhazika pansi pa mtengo, denga n'kuliyatsa iye akuona. Steward anagwidwa akuthawira kudambo. Pamene apolisi ankafika, miyendo yake yonse inali yothyoka ndipo diso lamanzere linali litaphulika. Maganizo anaikidwa dzuwa litapendeka, anthu ambiri akununkha utsi.

Pa 21 Julaye madokotala anadula zala zitatu za Raston, n'kumusiyira chala chachikulu ndi cholozera. Apolisi anamufunsa ali pabedi, ndipo pa 6 Disembala, tsiku limene khoti linagamula kuti Steward akakhale kundende, Raston anaima ngati mboni. Abasi ndi anzake awiri anamangidwanso, pa mlandu wawo wa nyundo ndi moto.

Koma a mbumba sanadikire khoti. Pa 2 Seputembala anakhala pansi pa mtengo womwe uja, pafupi ndi zipupa zakuda. Sananene za Maganizo, sananenenso za dzanja. Ananena kuti mkamwini anagwira ntchito tsiku la maliro n'kuitanira moto pamudzi, ndipo mwana wamkazi anagulitsa mlongo wake chifukwa cha mwamuna wobwera. Mayi ake a Keti sanamuyang'ane mwana wawo kumaso. Anangoti malo amene panali nyumba ya Raston akuwafuna.

Anasamukira kwa Kanyenda, kwa abale a Raston, kumene Keti tsopano ndi mlendo monga mwamuna wake analili ku Benga. Raston sagwiranso nyundo. Amapenta ngolo ndi zikwangwani za magolosale ndi dzanja lamanzere, mizere yake ikukhota pang'ono, ndipo chitini amachipanira pachifuwa ndi zala ziwiri zija. Gogo uja anamwalira pa 11 Epulo 2024. Uthenga unafika kwa Keti maliro ataikidwa kale.

Tsiku limenelo Raston anamupeza atakhala kuseri kwa khitchini, maso ali gwa, osalira. Anakhala naye pafupi.

"Mayi a Mwawi, mukanakhala chete tsiku lija. Ine ndikanapirira. Bwenzi lero muli kwanu."

Keti anatenga dzanja lodukalo naliika pa bondo lake.

"Zinatsala ziwiri," anatero. "Zikanatha, nyundo ikanapita pamutu. Ndikanadikira chiyani?"