Zala Zisanu za Onga

Alamu anga a Kabuswe Ntalasha tinawaika m'manda ngati munthu amene sanagwirepo mfuti, ndipo mpaka lero sindinakhululukire aliyense amene anali pamaliropo. Ndikulemba izi kuti amene anadya nyama yawo zaka makumi anayi adziwe kuti alipo wina amene sanaiwale.

Anakwatira achemwali anga ine ndili Sitandade 4. Mwana wawo woyamba anali Chibuye, choncho mudzi wonse unkawaitana Bashi Chibuye, achemwali angawo Bana Chibuye. Anali munthu wamfupi, wamiyendo yamatewe, khutu limodzi linagontha kalekale ndi kulira kwa mfuti. Kuwerenga sankadziwa. Mapepala a laisensi ndinkawalembera ndine, ndipo kawiri konse ndinakwera nawo phiri la Muchinga, masiku atatu wapansi mpaka ku Mpika, kukakhala pabenchi kudikira kalaliki amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, iye n'kumayang'ana kukhoma ngati sanandionepo. Dzina lake ndikulidziwa, koma siliyenera inki yanga.

Mfutiyo inali gogodera, yothirira onga kukamwa, yosiyidwa ndi malume awo a Chitondo. Kwathu kuno ku Munyamadzi mlenje saikidwa mwakachetechete. Thupi likamatsikira m'dzenje mfuti imalira, kuti alenje amene anatsogola adziwe kuti akubwerayo ndi mnzawo, amusendere pamphasa. Pamaliro a Chitondo zinalira mfuti zinayi, nkhanga za kutsidya zinasamuka sabata yathunthu. A Kabuswe sankafuna zinayi. Ankati imodzi ndi yokwana, bola ikhale ya zala zisanu.

Zala ndiwo muyeso wathu. Ukathira onga n'kuutsekera ndi luzi lotafuna, umalowetsa ndodo yotsindira mumpope wa mfuti, ndipo mbali imene yatsalira kunja umaiyeza ndi zala. Nswala imafuna zala zitatu, njiri chimodzimodzi. Njati imafuna zisanu, za onga wabwino, ndi chipolopolo chimodzi cholemera, osati tizidutswa. Alamu anga ankakhoza kukhululukira munthu wogona ndi mkazi wa mnzake, koma osati wopita kwa njati ndi zala zinayi.

Mu 1977 anagula chitini chatsopano cha onga, nayeza zala zisanu, nathira m'kanyanga ka mbawala. Anaikamonso fataki imodzi, kachipewa kamkuwa koyatsira ongawo, yokulunga m'kansanza. Anatseka ndi phula, napachika kudenga kutali ndi moto. Anatiitana awiri kuti tione: ine, ndi Lazalo, mwana wa mlongo wawo, amene mfutiyo inali kudzakhala yake.

"Aphunzitsi," anatero, "inu mumakumbukira ngakhale amene anakupondani chala mu 1950. Kumbukiraninso ichi. Uyu ndi onga wa maliro anga."

Ndinawayankha kuti anthu oipa safa msanga, ongawo udzafika pofumbwa. Anaseka. Nthawi imeneyo chitini chinali makwacha anayi, mwendo umodzi wa njati wowamba unkagula ziwiri.

Kenako kwacha inayamba kuphwa ngati dziwe la mu Okutobala. Chitini chinafika makwacha khumi ndi asanu, kenako makumi anayi, kenako mwini sitolo anasiya kulemba mtengo, ankayamba wakuyang'ana nsapato. Ulendo wina alamu anasenza mitolo iwiri ya nyama kukwera nayo Muchinga, nabwerako ndi onga wosadzaza botolo la mankhwala a chifuwa. Fataki zinayamba kugulitsidwa imodzi imodzi ngati mazira. Zipolopolo za mtovu zinasowa kotheratu. Anayamba kudula mabawuti ndi zitsulo zilizonse zokwana mumpope, n'kumazikwecha pamwala masiku awiri kuti zisalale.

Njinga yanga inali itakhala chaka pakhonde kudikira matayala. Tsiku lina ndinaipeza ilibe chitsulo cha pakati chimene chimagwira zopalasira. Ndinapita kwawo nditapsa mtima, ndikuwerengera malamulo. Iwo anali pansi pa mtengo, akukwecha.

"Njinga yanu yapha kale njiri ziwiri, alamu. Inu pamene munkaikwera munaphapo chiyani?"

Sindinawalankhule mwezi wathunthu. Nyama ya njiriyo ndinadya, chifukwa anatumiza achemwali anga, ndipo iwo sindinakangane nawo.

Apa ndi pamene pali chilonda changa. Mlenje akapha nyama yaikulu, mwambo unagawa kale: chifuwa cha uje, mwendo wa alongo ake, msana wa akuchikazi, khosi la amene anathandiza kusenda. Aliyense amadziwa gawo lake kuposa mmene amadziwira tsiku lake lobadwa. Koma mwambo womwewo sunagawire aliyense gawo la onga. Makolo sanauganizire chifukwa m'masiku awo unali wotchipa. Kamodzi kokha, pamowa, a Kabuswe anatchula kuti mwina abale azisonkhako. Lazalo, bambo wandevu zake wa ana asanu ndi mmodzi, anawayankha kuti nyama imapatsa ndi mizimu, nanga mizimu inayamba liti kufuna chopereka. Anthu anaseka mpaka kugwetsa chipanda. Alamu anasekanso nawo, ndipo sanabwerezenso. Ine ndinawagulirapo fataki khumi, penshoni itafika mochedwa miyezi isanu ndi iwiri. Sindikudzitama. Khumi n'zochepa.

Ndiye anayamba kuchepetsa. Nswala anaitsitsira pa zala ziwiri, ndipo kuti ziwirizo zikwane ankayenera kuiyandikira kwambiri, nkhalamba yoposa zaka makumi asanu ndi limodzi ikukwawa ndi mawondo m'minga. Njati anazisiya. Pambuyo pake anayamba kugula onga wopangidwa m'mudzi, kwa munthu wina wa kutsidya. Unali wotuwa, wokonda chinyontho. Ukakoka chala, mfuti inkayamba yatsokomola, n'kudzalira nyama itatsanzika kale. Alamu ankati ongawo unaphunzira ntchito kuboma.

Mu Meyi 1988, mapira atayamba kufiira, m'munda mwa Bana Chibuye munayamba kulowa kakuli, njati yamphongo yokalamba imene anzake anaipirikitsa m'gulu. Mundawo unali wokha umene unabereka pabanjapo, chifukwa wina unakokoloka ndi madzi. Zitini anaimba, moto anasonkha, njatiyo inkangodzutsa mutu n'kupitiriza kudya. Tinatumiza uthenga kwa olondera nyama, anati galimoto ilibe mafuta. Pasabata imodzi ngodya yonse ya kudambo inali itagona pansi.

M'mawa wina ndinawapeza alamu akuthira mfuti. Onga wa m'sitolo unatsala wa zala ziwiri zokha. Anathira umenewo, naonjezera zala zitatu za wa kutsidya uja. Ndodo inaonetsa zisanu, koma tonse awiri tinkadziwa kuti zisanuzo n'zabodza.

"Tsitsani kanyanga, alamu," ndinatero.

"Mukufuna ndikafike kwa a Chitondo chetechete ngati mphunzitsi?"

Ndinawauza kuti aphunzitsi nawonso amalandiridwa kumeneko. Anati inde, koma amawakhazika kumbuyo, kwa ana.

Anaiombera dzuwa litangotuluka. Mfuti inachedwa monga mwa chizolowezi chake, njati n'kutembenuka, chitsulo chinalowa paphewa osathyola fupa. Inathawira m'bango, pafupi ndi njira imene amayi amadzera potunga madzi.

Njati yovulala ndi ya amene anaivulaza. Palibe wina amaitsata, ndipo ikapha munthu mlandu ndi wake. Masiku awiri amayi ankazungulira ulendo wautali kukatunga kumtunda. Masiku awiri omwewo ndinamva ndi makutu anga anthu amene matupi awo anakula ndi nyama ya a Kabuswe akunena kuti mdalayo wayamba kuumira, akupita kwa njati ndi phulusa. Mmodzi anali Lazalo. Alamu ankakhala pakhonde, mfuti yopanda kanthu ili pamiyendo, osayang'ana kudenga.

Tsiku lachitatu achemwali anga, amene mawondo awo sankalola ulendo wa kumtunda, anadzera njira ya m'bango. Njati inawatulukira. Anaiponyera ndowa, iwo n'kugwera m'chigwembe, ndipo ndowayo ndi imene inawapulumutsa, chifukwa njati inatsalira kuiphwanya. Anabwera nawo atawanyamula, nthiti ziwiri zitathyoka. Sanalire kapena kukalipa. Anangoyang'ana amuna awo ali chigonere pamphasa.

"Bashi Chibuye, mtembo mwausungira onga. Nanga amoyofe mwatisungira chiyani?"

Alamu anadzuka. Kenako anakwera pamtondo natsitsa kanyanga. Phula linali litada ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma ongawo unali wouma, wonyezimira, unkayenderera ngati mawere. Anathira, natsindira, nayeza. Zala zisanu ndendende. Anayezanso kachiwiri ngakhale panalibe chifukwa. Chipolopolo anasankha chidutswa chotsiriza cha njinga yanga, ndipo anandionetsa asanachilowetse, koma nthabwala sinatuluke.

Ndinawaperekeza mpaka pachulu cha m'mphepete mwa munda. Anandiuza kuti ndikhale pomwepo, mwina njati ingafune kulemberedwa kalata. Analowa m'bango okha, chowerama, dzuwa lili pamutu.

Ndinadikira mwina ola limodzi. Kenako mfuti inalira. Sinatsokomole. Kunali kulira kumodzi kwakukulu kumene kunakagunda kutsidya n'kubwerera, akakowa onse n'kudzuka m'dambo. Ndinali nditaiwala kuti gogodera imalira chonchi.

Anaiombera ili pamtunda wa mapazi khumi ndi awiri ikubwera, inagwa mphuno ili pafupi ndi mapazi awo. Zimenezi ndinaziona pambuyo pake, iwo sananene. Anatuluka m'bango pang'onopang'ono, nadzakhala pambali panga pachulu paja.

"Mwamva, alamu? Ndi mmene akanalirira maliro anga. Bola ndadzimvera ndekha, ngakhale ndi khutu limodzi."

Madzulo mudzi wonse unali m'bango ndi mipeni ndi madengu. Aliyense anadziwa gawo lake. Ine ndinaimirira pakati pawo ndi kunena kuti aliyense wonyamula nyama aganizire zobwezera zala zisanu m'kanyanga kaja. Wina anati aphunzitsi ayambapo kalasi. Lazalo, mwendo wathunthu uli paphewa, anati ndisadandaule, malume safa mawa, iye adzaona chochita. Alamu anandikoka malaya kuti ndikhale pansi. Kanyanga anakapachikanso pamalo pake kopanda kanthu.

Sanasakenso. Ankati mawondo akana, koma mawondo omwewo ankawafikitsa kumowa. Ine ndinatumiza ndalama ku Mpika kawiri ndi anthu apaulendo. Koyamba zinali zosakwana, mtengo unali utakweranso ali m'njira. Kachiwiri anabwera nazo, akuti onga kulibe, ngakhale ulipire zingati. Lazalo sanatumizeko ngakhale ngwee.

Anamwalira mu Febuluwale 1990 ndi chifuwa, mvula ili pakati, mtsinje wa Munyamadzi utadzaza mpaka m'mitengo. Phiri la Muchinga linalibe wokwera kukafuna onga. Lazalo anathira mfuti ndi onga wa kutsidya umene unatsala m'chigoba, zala zisanu ndi ziwiri, ngati kuchuluka kungachiritse chinyontho. Thupi litayamba kutsika anakweza mfuti nakoka. Fataki inati tche. Mumpope munatuluka kautsi ndi kaphokoso konga ka phala likamawira, basi. Anthu anadikira pang'ono, mwina ilira mochedwa monga inkachitira. Sinalire. Wina kumbuyo anaseka n'kusandutsa chifuwa. Ndikumudziwa. Ankalandira khosi.

Mfuti Lazalo anaigulitsa chaka chomwecho. Kanyanga ndinatenga ine, palibe anakafuna.

Achemwali anga akali moyo, nthiti zimawawawa kukazizira. Nkhaniyi ndikaiyamba amandisiya ndilankhule, nditchule mayina onse mmodzi mmodzi, kuyambira kalaliki uja mpaka wa khosi. Ndikatopa amandiyankha chimodzimodzi nthawi zonse.

"Iwe Fidelisi, mapira aja tinadya mpaka mvula inayo. Iwenso unadya nawo."

Ndinadya nawo.