Makhadi Obooka Pakati

Mwana wanga woyamba atayamba kumene kuyenda, ndinkagwira ntchito yokolopa mu kasino ya hotela ina cha ku Mosi-oa-Tunya. Tinkalowa m'mawa alendo atachoka, n'kupukuta matebulo obiriwira aja, kutola mabotolo, kupopa fumbi m'kapeti. Chaka chimenecho anatiuza kuti ntchito yoyeretsa aipereka kwa kampani ina yobwera ndi anthu ake, ndipo ife tonse tisiya nyengo yozizira ikatha. Panatsala khomo limodzi. Ankafuna anthu atsopano oti aphunzire kugawa makhadi pa tebulo la blakijaki, ndipo abwana ananena kuti ife a m'kati titha kuyesa nawo ngakhale tilibe mapepala, bola tikhoze mayeso a pa tebulo.

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni. Bambo a mwana ankanyamula alendo ku eyapoti pa takisi ya munthu wina, ndipo masiku ena ankabwerera ndi fumbi lokha. Apongozi anga ku Katete anali atatumiza kale mawu kuti chipinda chilipo, ntchito ikatha tipite tikalime. Sindinkafuna kupita. Si kuti ndimadana ndi khasu, koma ndinali nditazolowera kudziyang'anira ndekha.

Masewerawo kuwamvetsa si kovuta. Aliyense amafuna kuti makhadi ake afike twente-wani osapitirira. Kingi, kwini ndi jeki ndi teni, esi ndi wani kapena leveni, ena onse amayenda ndi nambala yawo. Chovuta ndi liwiro. Wogawa amatchula kuti afika pati khadi likangogunda tebulo, kwa munthu aliyense, osaima kuganiza. Ndinatenga makhadi akale amene bambo a mwana ankasewera ndi anzawo podikira ndege, n'kumadziyesa pamphasa mwana akagona masana. Ndinayesanso kupempha mnyamata wina wogawa kuntchito kuti andionetse. Anandiuza kuti ndionere pa foni. Ndinaonera, koma azungu a mmenemo ankalankhula ngati akuthamangitsidwa, ndipo bando ya intaneti inkatha ndisanagwirepo kanthu.

Mphunzitsi ndinamupeza ndikugula mazira. Mchemwali wanga ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Nottie Broadie, ndipo tsiku lina pochokera kwa iye ndinaima pa geti pamene mayi wina wachikulire ankagulitsa mazira ndi nkhuku zososola kale. Anali atavala chitenje cha chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi. Atandiikira mazira mu pulasitiki, anaomba m'manja pang'ono chabe, n'kutembenuza zikhatho zonse ziwiri kumwamba, kenako n'kubwerera pampando. Iwo sanadziwe kuti achita zimenezo. Koma ine ndinali nditaziona kambirimbiri. Wogawa makhadi akamachoka pa tebulo amachita choncho, kuonetsa makamera a kudenga kuti sanabise kanthu m'manja.

"Ba anti, munasebenzako ku kasino?"

Anayang'ana kumsewu, uku ndi uku.

"Ni ndani anakuuza?"

Ndinati palibe, ndi manja awo. Anawabisa m'chitenje. Anandiuza kuti za njuga sazidziwa, kuti iwo ndi munthu wopemphera, ndipo ngati ndamaliza kugula ndipite mwana asapse ndi dzuwa.

Ndinapita, koma ndinabweranso. Ndinkagula dzira limodzi, nthawi zina awiri, n'kuwapatsa moni wa Chilozi umene ndinkaudziwa, popeza iwo anali a ku Mongu. Za makhadi sindinazitchulenso. Loweruka lina ndinawapeza ali ndi nkhuku zambiri zoti asosole, mtsikana wowathandiza sanabwere, ndipo zala zawo zinali zotupa m'mfundo. Ndinabereka mwana bwinobwino, n'kukhala pansi n'kuyamba kusosola. Loweruka lotsatira ndinachitanso chimodzimodzi. Tinkacheza za matenda a nkhuku, za njovu zimene zinkalowa m'madimba a anthu, za mano a mwana. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali, nthenga zili m'manja.

"Iwe, suzalema?"

"Sinizalema, ba anti."

"Bwela mailo masana. Upite ku geti ya kumbuyo, bazimai ba ku tchalitchi basakuone na makhadi."

Mawa lake ndinapitadi. Sukulu yathu inali kuseri kwa khola la nkhuku, pa tebulo lakale limene anayalapo bulangete. Tsiku loyamba ndinatulutsa makhadi anga aja monyadira. Ndinagawa, ndikutchula manambala msangamsanga, osaphonya. Ba anti anaonerera mpaka ndinamaliza. Kenako anasolola khadi limodzi, n'kuliika chafufumimba, n'kundifunsa kuti ndi chiyani. Ndinati seveni. Anaika lina, ndinati kwini. Anafunsa kuti ndadziwa bwanji ndisanalitembenuze, ndipo ndinawauza kuti seveniyo mwana anamuluma pakona, kwiniyo anagwerapo tiyi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Suwelenga iwe. Uwaziba chabe monga ni babale bako."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi chitini cha mabisiketi. Munali makhadi a ku kasino enieni, osalala, onse ofanana kumsana, lililonse lobooledwa pakati. Makhadi akatha ntchito kumeneko amawaboola kuti wina asawabwezenso pa tebulo. Nditagawa amenewo, liwiro langa lonse linathawa. Milomo inayamba kuyenda ngati ndili mu giredi fo, ndipo zala zinkawerengera pabondo pansi pa tebulo. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo nditakhumudwa. Masabata onse aja ndinkangodzinamiza.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa n'chakuti wogawa saphatikiza. Amaona. Naini ndi seveni ndi sikisitini monga mmene umaonera nkhope ya mnansi wako, sufunsa kuti mphuno kuphatikiza maso ndi ndani. Ankandiponyera makhadi awiriawiri mpaka nditawazindikira onse, kenako atatuatatu. Milomo anaichiza mwa njira yawo. Ndikamagawa ankandifunsa mafunso, kuti apongozi amandikonda kapena ayi, kuti bambo a mwana amadya chiyani kuti akhale owonda chotero, ndipo ndinkayenera kuyankha ndikumwetulira uku manja akugwira ntchito. Ndikasiya kuyankha ankati mlendo wakwiya wapita. Mwana akalira sankandilola kuima. Ankamunyamula iwo, n'kumamuvinitsa patsogolo panga penipeni, ine ndikugawa.

Nditayamba kukhoza, anandiphunzitsa chinthu china chimene sindinachipemphe, kuwerenga makhadi amene atuluka kale. Ang'onoang'ono, kuyambira thuu mpaka sikisi, ukaona limodzi umawonjezera wani m'mutu. Akuluakulu, mateni ndi maesi, umachotsa wani. Apakati umawasiya. Nambala ya m'mutuyo ikakwera, ndiye kuti ang'onoang'ono apita ambiri, m'bokosi logawiramo mwatsala akuluakulu, ndipo akuluakuluwo amakomera wosewera. Poyamba ndinkasokonezeka, khadi lililonse kukwera ndi kutsika. Ba anti anati ndisavutike choncho. Lalikulu ndi laling'ono zikatulukira pamodzi, zakwatirana, ndizileke zipite. Ndiziwerenga ambeta okha.

Ndinawafunsa kuti zimenezi ndi zanji kwa ine, popeza sindidzasewera. Anati n'zoona sindidzasewera, ndipo akadzamva kuti ndakhala mbali inayo ya tebulo adzandisosola okha. Koma alendo ena ochenjera amawerenga choncho, ndipo nambala ikakwera amaika mwadzidzidzi machipi ambiri, tindalama ta pulasitiki tobetchera pa tebulo. Si kuba, anatero, ndi mutu wake munthuyo, koma eni nyumba sazifuna. Wogawa wodziwa samunyoza, samuyang'ananso kumaso. Amangopempha woyang'anira amene amaima kumbuyo kwake kuti asakanize makhadi onse kuyambiranso, basi nkhani yatha popanda wochita manyazi.

Bambo a mwana atamva zimenezi maso awo anawala. Anati ndiwaphunzitse iwo, apite kamodzi kokha, tigule takisi yathu. Ndinawauza kuti akapemphe okha kwa ba anti, ndipo ayambe ndi kusosola nkhuku. Sanafunsenso.

Tsiku la mayeso ndinalowa ntchito monga mwa masiku onse. Tebulo limene tinkayesedwerapo ndinalipukuta ndine m'mawa womwewo. Kenako ndinakavula yunifolomu ya okolopa kuchimbudzi, n'kuvala shati yoyera ya mchemwali wanga. Tinkalowa mmodzimmodzi. Kumbuyo kwanga kunaima woyang'anira, mayi wosaseka amene ndinkamupatsa moni tsiku lililonse iye n'kumangogwedeza mutu. Kutsogolo kunakhala bambo wina wochokera ku Lusaka, wophunzitsa ogawa, amene ankadziyesa mlendo, ali ndi mulu wa machipi oyeserera. Anali atauzidwa kuti ndine ndani.

"Ba kilina, tsache mwasiya kuti?"

"Ili kumbuyo kwa chitseko, ba bosi. Mukagwetsa machipi nizasesa."

Anaseka, ndipo ndinayamba kugawa. Sanatseke pakamwa ngakhale pang'ono. Anafunsa za mwana, anafunsa ngati ndinaonapo mathithi ali odzaza, anadandaula kuti ndikumupatsa makhadi oipa dala chifukwa ndi wa ku Lusaka. Ndinkayankha, ndikutchula manambala. Poyerekeza ndi ba anti, iyeyu anali waulemu. Pena anakana kuti sanapitirire twente-wani, n'kukweza mawu. Ndinayala makhadi ake bwinobwino ndi chala, n'kutchulanso modekha kuti twente-thuu, n'kutenga machipi ake.

Pakati pa zimenezi khadi limodzi linandipulumuka, linatsetsereka pa tebulo n'kugwera pansi. Msana wanga unayamba kuwerama wokha. Zaka zonse zija ntchito yanga inali kutola chilichonse chogwera pa kapeti imeneyo. Koma wogawa sachotsa maso pa tebulo, chifukwa akawerama machipi ndi makhadi zimatsala zokha ndi mlendo. Ndinaimira pakati pa njira, n'kuwongoka, n'kunena kuti khadi lagwa. Woyang'anira analitola yekha, analionetsa, analiika pambali. Ndinaganiza kuti basi, ndalephera, koma manja anapitiriza.

Nambala ya m'mutu ija sindinaisiye, inkangoyenda yokha. Inakwera, inakweranso. Ang'onoang'ono ankangotuluka motsatizana. Ndiye ndinaona bambo uja, amene nthawi yonseyi ankaika chipi chimodzi, akukankhira kutsogolo mulu wathunthu uku akundifunsa kuti nsomba yabwino amaigulitsa kuti. Ndinamuyankha za nsombayo. Kenako ndinatembenuza mutu pang'ono.

"Ba madamu, nipempha kusakaniza."

Bamboyo anasiya kuseka, n'kundifunsa chifukwa chake. Ndinati ang'onoang'ono apita, atsala akuluakulu. Anafunsa kuti m'mutu mwanga ndili pa zingati, ndipo ndinati seveni. Iye anati ali pa eyiti. Anatenga makhadi otuluka kale aja n'kuwawerenga pamaso pathu, ndipo zoona anali eyiti. Khadi limene linagwa pansi lija linali faifi, ndipo ine ndi mantha sindinaliwerengere.

Ndinapepesa. Iye anatembenukira kwa woyang'anira n'kufunsa ngati anthu a m'kati anawaphunzitsa kale zowerenga. Woyang'anira anati ayi, zimenezo amaphunzitsa munthu atagwira ntchito nthawi. Bamboyo anandifunsa kuti ndinaziphunzira kuti, ndipo ndinati kwa mayi wina amene sangakonde kuti ndimutchule. Woyang'anira uja anandiyang'ana mmene ndinaimira, mmene ndinagwirira makhadi kudzanja lamanzere, ndipo ndikhulupirira kuti anazindikira kuti ndi ndani, chifukwa kwa nthawi yoyamba anandimwetulira. Anati ndikamaliza ntchito yanga ya tsikulo ndipite kwa telala wa hotela akandiyeze yunifolomu ya ogawa makhadi.

Ndinakavalanso yunifolomu ya okolopa, popeza zimbudzi za amuna zinali zisanakolopedwe. Ndinazikolopa ndikuimba. Anzanga anabwera kudzafunsa, ndipo mmodzi anandikumbatira ndi manja a sopo mpaka tonse tinanyowa.

Masana ndinatsika minibasi ku Nottie Broadie. Ba anti anali pa geti ndi mazira awo, ndipo panali kasitomala, choncho ndinadikira achoke. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa tsache mpaka kwa telala. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti khadi logwalo linali chiyani. Ndinati faifi.

"Khadi ikagwa siinafe, mwana wanga. Mailo ubwele, tizagwetsa makhadi mpaka uzolowele."

Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nkhuku yathunthu mu pulasitiki, n'kundiuza kuti ndikaphikire mwamuna wowonda uja. Ndinafuna kukana, anandikankhira kumsewu.

Bambo a mwana ndinawapeza kunyumba akusambitsa mwana m'beseni, chifukwa ndege ya masana inabwera ndi alendo ochepa. Anaona nkhuku, anaona nkhope yanga, sanafunse. Ndinawauza kuti aimbire amayi awo ku Katete, awauze kuti chipinda chija asungiremo chimanga.