Wam'dzenje wa ku Misuku

Lucius Silwimba anali wocheka matabwa. Ngati munakhalapo pa benchi ya tchalitchi kapena pa desiki ya sukulu kuzungulira Chitipa m'zaka za chipani chimodzi, mwina munakhalira thukuta lake osadziwa. Anabadwira ku Misuku. Sukulu anangoilawa zaka ziwiri, khofi wa bambo ake sanamukonde, ndipo ndevu zitangoyamba kumera analowa m'dzenje la macheka.

Kwa inu amene simunaoneko, kucheka kwa masiku amenewo kunali kwa anthu awiri. Mumakumba dzenje, n'kugoneka chipika pamwamba pake, n'kumenya mzere ndi chingwe chonyika m'makala. Mmodzi amaima pachipika, kuyang'ana mzere ndi kuwongolera macheka, akubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono. Mnzake amakhala pansi, yake n'kukoka basi, utuchi wonse ukumugwera kumaso. Wapamwamba anali Bernard Simfukwe, mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake Eunice. Wapansi anali Lucius. Anagawana choncho tsiku loyamba chifukwa Bernard anali ndi diso la mzere, ndipo zaka makumi awiri ndi zisanu zinadutsa osaganizako zosinthana.

Utuchiwo unadya maso a Lucius mwakachetechete. Pofika 1979 anthu ankawaona ngati zithunzithunzi, n'kumawazindikira ndi mawu. Ankadziwa zimenezi ndi awiri okha, mkazi wake Esnart ndi Bernard. Popita kuntchito Bernard ankatsogola akuimba mluzu, Lucius pambuyo, ndipo anthu ankangoti alamu awa n'ngokondana. M'dzenje maso analibe ntchito. Chimene Lucius ankaopa chinali chimodzi: kuti zikadziwika palibe adzamulembenso, ndipo adzatsala pakhonde kudikira kudyetsedwa ndi mkazi. Zimenezo ankaziopa koposa imfa.

Chaka chimenecho kontirakitala wina wa kumwera anapata ntchito yomanga makalasi, nalemba ocheka magulu asanu. Kapitawo wake anali a Justin Makwinja a ku Chiradzulu, munthu wosakalipa, wodziwa kunena yewo, zikomo wa kumpoto, koma wokonda kufanizira zinthu zosafanana. Anazungulira paboma n'kuona kuti woumba njerwa akuyala mazana patsiku, telala akumaliza mayunifolomu khumi, osula zidebe akugogoda mpaka dzuwa kulowa. Kufika kunkhalango anapeza anthu awiri athunthu akutulutsa matabwa asanu okha patsiku. Zinawapweteka mutu.

Anakhala pachitsa masiku awiri akuyang'ana, ndipo anapeza nzeru. Dzuwa likapendeka, apansi ambiri ankatopa ndi kutsokomola, macheka n'kuyamba kuyenda ngati nkhalamba.

"Kuyambira mawa muzisinthana," anatero a Makwinja. "Lero pamwamba, mawa pansi. Sibwino munthu mmodzi azidya fumbi yekha. Ndipo matabwa achuluka, dziko likufuna chitukuko."

Kunena zoona, mawuwo sanali oipa, ndipo magulu enawo anakondwa. Komanso masiku amenewo munthu akatchula chitukuko, iwe sunkatsegula pakamwa, pokhapokha ngati watopa ndi kugona kwanu. Lucius anangoti, "Tamva, bwana."

Bernard ndiye anapeza njira. M'mawa analawira, natenga mpeni n'kukumba kangalande kakang'ono motsata mzere wamakala, kuchokera kumutu kwa chipika mpaka kumapeto.

"Mulamu, kwerani," anatero. "Chala chachikulu cha kuphazi chizikhala m'kangalandemo. Kumene kukulowera chala, n'kumene kukulowera macheka."

Lucius anakwera. Ndipo zinatheka ndithu. Thabwa loyamba linatuluka lowongoka, lachiwirinso. Tsiku limenelo anacheka atatu okha, koma a Makwinja anati n'kuzolowera. Amene anatuluka m'dzenje atasinthika anali Bernard. Maso anali psuu, misozi ili mbwee, akulavula utuchi. 

Mawa lake anabwerera m'malo awo akale, ndipo Lucius anadabwa kumva macheka akubwera mwaulesi, ngati wapamwambayo akuopa kudzutsa mwana. Mkuja wake Lucius anakweranso. Cha kumasana mtima unakhala pansi, dzanja linazolowera, nayamba kuthamanga. Chala chinamuuza za mzere, koma za pothera chipika sichinamuuze. Anaponda kumbuyo n'kuponda mphepo.

Anagwera pamulu wa utuchi, sanathyoke paliponse. A Makwinja anathamangira pomwepo n'kumutambasulira dzanja. Lucius anali maso tong'o, dzanja lili pamphuno pake penipeni, iye osaliona. Kapitawoyo anasuzumira pachipika, naona kangalande kaja, namvetsa zonse.

Apa anthu ankayembekeza kuti amuchotsa ntchito. Ayi. A Makwinja anachita manyazi kwambiri.

"Bambo Silwimba, bwanji osanena? Bwererani pansi. Inu awiri lamulo langa lisakukhudzeni, chekani monga munkachekera."

Lucius anasangalala moti anafuna kugwada. Anatsikira m'dzenje, nagwira chigwiriro cha macheka, nadikira. Macheka sanasunthe.

"Mulamu, tiyeni," anaitana.

Bernard anali chiimire pambali pa dzenje, sanakwere n'komwe.

"Sindingathe," anatero. "Masiku awiri okha ndakhalamo, maso anga akuyaka ngati mwathira tsabola. Inu zaka zonsezi. Ndipo wothira utuchiwo ndinali ine."

"Munkathira ndi inu kapena macheka? Kwerani, dzuwa likupita."

"Dzulo ndayesa. Ndikakankha, ndikuona pamene utuchi ukugwera."

Lucius anapsa mtima. Anamunyengerera, anamutukwana m'chinenero chakwawo mpaka ocheka ena anayang'ana kumbali. Eunice analankhula naye mwamuna wake, Esnart anapita kukadandaula, koma Bernard, munthu wofatsa uja, apa anauma ngati mwala. Sabata yomweyo anabweza macheka n'kupita kukalima khofi. Ocheka ena onse anali ndi anzawo kale, ndipo panalibe wofuna kuima pamwamba pa munthu amene tsopano dera lonse linkadziwa kuti saona.

Lucius anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi, pakhonde. Bernard ankabwera Loweruka lililonse ndi nthochi, nyemba, nthawi zina nkhuku, ndipo sanaphonyepo. Lucius ankalandira, n'kuthokoza mwaulemu monga amathokozera mlendo. Tsiku lina Esnart anamudzudzula kuti munthu wokuchitira chifundo chotere sumuyankha mozizira choncho.

"Chifundo chake chinachedwa," anatero Lucius. "Chinafika maso atapita kale, ndiye chinangotenga manja."