Nsanza imene mayi Sara sanamange

Ku Mwadzama kuno mukafunsa kuti mkhristu weniweni ndi ndani, anthu adzakulozerani nyumba ya mayi Sara Kamtedza. Ine ndakhala nawo mu Umodzi wa Amayi pa tchalitchi chathu cha Anglican zaka khumi ndi zisanu, ndipo nsanje ndinawachitirapo, sindibisa. Munthu akadwala, iwo afika kale ndi phala. Maliro akagwa, iwo ndiwo oyamba kuyala mphasa. Nkhalamba zitatu za m'mudzi mwathu zimadya chifukwa cha iwo. Bulauzi yawo yoyera ija, ngakhale nyengo ya matope, siioneka banga.

Koma panali munthu mmodzi amene mayi Sara sankamuona, ngakhale ataima patsogolo pawo. Ameneyu ndi Thandi, mkazi wa mchimwene wawo.

Nkhani yake inayambira pa maliro a amuna a mayi Sara, bambo Joshua. Thandi, pakamwa pake posatseka paja, ananena kukhitchini kuti mwamuna anatsala akubuula yekha m'nyumba mkazi ali ku misonkhano ya tchalitchi. Mawuwo anawafika mayi Sara mtembo usanatuluke. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti munali choona pang'ono. Sanakalipe, sanalire. Anangomutseka Thandi kunja kwa mtima wawo, zaka zisanu ndi ziwiri. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, dzanja lawo linkayenda benchi yonse, likafika pa Thandi n'kudumpha. Tonse tinkaona, ndipo tonse tinkayang'ana kumbali. Ndani akanadzudzula mayi Sara?

Kwathu kuno chakudya ndi kondowole, ndipo chinangwa chake timaviika m'kamtsinje kotsikira kunyanja, pamene madzi amadekha pakati pa bango. Mayi aliyense ali ndi malo ake, ndipo timadziwana. Chinangwa chimakhala m'madzi masiku atatu kapena anayi, chikafewa n'kuchivuula. Tili ndi lamulo limodzi losalembedwa: woona chizindikiro cha ng'ona amange nsanza pa bango pomwepo, kenako akauze mudzi. Ngakhale mwana wa zaka zisanu amalidziwa.

Lachinayi m'mawa mayi Sara anatsikira kumtsinje okha kukavuula chinangwa chawo. Chapansi pang'ono, pa malo a Thandi, matope anali osalala ngati pakokedwa thumba. Mbali ndi mbali panali mapazi a zala zotambasuka, pakati mzere wa mchira. Bango linali logona. Madzi anali zii, ngakhale achule anali chete. Chinangwa cha Thandi chinali pomwepo, choviikidwa dzulo lake, mwala uli pamwamba.

Iwo eni anandiuza pambuyo pake kuti anagwira kale nsonga ya chitenje kuti ang'ambe. Kenako anaisiya. Mumtima munabwera mawu aulemu kwambiri, onga a munthu wanzeru: si inu nokha muli ndi maso, ena aona, amanga. Anasenza dengu lawo n'kukwera kumudzi. Masana a tsiku lomwelo anatiphunzitsa ku Umodzi za mtengo wosabala zipatso, ife n'kumavomera ndi mitu.

Usiku wake kunagwa mvula, mapazi aja n'kufufutika.

Lachisanu linadutsa. Loweruka mbuzi ya bambo Yusuf, msodzi wa kufupi ndi mtsinje, inasowa, anthu n'kumati ndi akuba a pamsewu. Mayi Sara anamva, koma za mapazi aja sanauze munthu. Ndinawapeza akusinja, ndipo ndinaona kuti munsi ukugunda m'mphepete mwa mtondo. Ndinawafunsa ngati akudwala. Anati ndi mutu chabe.

Lamulungu linali la ansembe, amene amatifikira kamodzi pa mwezi, tchalitchi chodzaza mpaka pakhomo. Itafika nthawi ya mtendere, dzanja la mayi Sara linayenda benchi monga mwa masiku onse. Pofika pamene limadumpha, panalibe woti limudumphe. Ndinali pambali pawo, ndipo ndinawamva akufunsa:

"Kodi alamu anga ali kuti?"

Ndinadabwa, chifukwa mawu akuti alamu ndinali ndisanawamve pakamwa pawo zaka zonsezi.

"Apita kukavuula chinangwa," ndinayankha. "Akuti chiola, ndipo kunyumba ufa watha."

Anthu anali atayamba kale kufola kupita kuguwa. Mayi Sara anaimirira, koma m'malo molowa pamzere anatembenukira kukhomo. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wovala yunifolomu, anathamanga kudutsa m'minda ya chinangwa, nsapato atazitaya panjira. Ine ndinawatsatira, osadziwa chimene tikuthamangira.

Tinamupeza Thandi ali m'madzi ofika m'maondo, atawerama, akupapasa pansi ndi manja onse awiri.

"Alamu! Tulukani m'madzimo!"

Thandi anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu amene sanakupatse moni zaka zisanu ndi ziwiri akabwera akukuwa, umaganiza kuti wabwera ndi ndewu.

"Lero mwandiona?" anatero. "Kapena mwabwera kudzandiweruza kuti ndajomba Misa? Bwererani, amayi oyera, mungadetse bulauzi."

Anaweramanso. Kuseri kwake, cha ku bango, ndinaona madzi akupanga kamzere kobwera mwakachetechete, kopanda mphepo yokakankha.

Mayi Sara analowa m'madzimo ndi yunifolomu yawo, anamugwira Thandi m'chiuno n'kumukoka chagada, onse awiri n'kugwera m'matope a pamtunda. Pamene Thandi anaima paja madzi anatumphuka. Tinaona msana wakuda ndi mchira, dengu lake n'kumira. Kenako kunali zii ngati poyamba.

Thandi anakhala pansi m'matopemo. Atapeza mpweya anawagwira mayi Sara miyendo, akulira.

"Alamu, Mulungu wakutumani. Ndinakulakwirani ine, pakamwa pangapa. Mzimu wakuuzani muli m'tchalitchi, eti? Anthu amve zimenezi!"

Anthu anali akubwera kale kuchokera kutchalitchi, ansembe ali pakati pawo. Ndinaona mmene nkhaniyi ikanayendera: mayi Sara, amene Mzimu unawanong'oneza pa Misa. Ikanafika mpaka ku Nkhotakota pa boma, ndipo palibe akanaitsutsa. Ine ndemwe ndinali nditaikhulupirira kale.

Mayi Sara anachotsa manja a Thandi pa miyendo yawo pang'onopang'ono.

"Sunandiuze Mzimu, alamu. Ndinaona mapazi ake ndi maso angawa, pa malo anu pano."

"Liti?"

"Lachinayi m'mawa."

Anthu amene anafika anaima chilili. Thandi anayang'ana bango lonse, kufunafuna nsanza. Panalibe.

"Lachinayi," anabwereza motsitsa. Milomo yake inkayenda, akuwerenga masiku. "Lachisanu ndinatuma Tionge kudzaona ngati chafewa. Dzulo ndinamutumanso."

Tionge ndi mwana wake wotsiriza, wa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi Sara ndiwo anamunyamula pa ubatizo, chidani chisanayambe. Anali pomwepo m'gulu la anthu, atavala diresi lake la Sande sukulu, akuyang'ana azakhali ake.

Mayi Sara anagwada m'matopemo, pamaso pa ansembe ndi pa ife tonse amene tinkawaopa.

"Ndinadziwa," anatero. "Ndinamuona akudutsa pakhomo panga masiku onse awiri."