Bondo Lachitsulo la Che Jafar

Che Jafar sankatha kukhazikika. Akakhala pansi kwa mphindi khumi, bondo lakumanja linkauma ngati alithira simenti. Akaimirira linkayaka mkati, akagona linkagunda. Choncho ankangozungulira: kuchoka pakhomo la chipinda chawo kukafika pampopi, kuchoka pampopi kukafika pageti, kusuzumira mumsewu, kubwereranso. Anthu a pabwalo limenelo ku Maitland, mumzinda wa Cape Town, anazolowera kulira kwa ndodo yake pasimenti, go, go, go, moti tsiku ikakhala chete ankafunsana ngati mwini wake wagonekedwa kuchipatala.

Anabadwira ku Ntaja, m'boma la Machinga. Bambo ake anamwalira iye asanamere mano achiwiri, ndipo amene anamulera ndi amalume ake, Shehe Luqman, alongo a mayi ake. Ndiwo anamuphunzitsa kuswali. Ndiwo anamuperekeza ku jando, ndiwo anakamufunsira mbeta Tabia. Atatsogola kupita ku Cape Town, ndiwonso anamuitana m'chaka cha 2008, namupezera ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Camps Bay.

Nyumbayo inamangidwa m'mbali mwa phiri. Kuchoka pamsewu kukafika kumaluwa apamwamba panali masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, ndipo Jafar anawakwera zaka zisanu ndi ziwiri, thumba la manyowa lili paphewa. Bondolo linali lovulala kale. Ali mnyamata anagwa nalo panjinga atanyamula mpunga. Masitepe aja anangomaliza ntchito. Mu 2015, atadikira pamzere wa chipatala cha boma nthawi yaitali, madokotala anachotsa mafupa othetheka naikamo chitsulo.

"Pakatha miyezi isanu ndi umodzi muzidzathamangira takisi," anatero dokotala.

Panatha zaka ziwiri. Jafar anachita mafizo onse amene anamuuza, anamwa mapiritsi mpaka m'mimba munayamba kuwotcha, koma bondo linkapindika theka basi n'kukana. Akapita kukaunikidwa ankamuonetsa chithunzi, n'kumuuza kuti chitsulo chakhala bwino kwambiri. Iye ankavomera ndi mutu. Chitsulocho chinalidi bwino. Amene sanali bwino ndi munthu wochinyamula.

Ntchito ya maluwa inatha. Anapeza ina yotsegula geti pafakitale yopanga makabati pafupi ndi kwawo, ndipo inamuyenera chifukwa mlonda woyendayenda amaoneka wakhama. Zimenezo sanadandaule nazo kwambiri. Chimene chinkamudya chinali cha Lachisanu.

Amalawi achisilamu a m'deralo ankaswalira m'galaja yakale kuseri kwa shopu ya matayala. Kapeti ya m'menemo anaiyala ndi Jafar yemweyo, chogwada, kulumikiza zidutswa zimene adona a nyumba ya ku Camps Bay ija anataya. Malo ake anali mumzere woyamba, kumbuyo kwenikweni kwa amalume ake, amene ankatsogolera mapemphero.

Lachisanu loyamba atasiya ndodo ziwiri n'kutsala ndi imodzi, anapita. Anaima pamalo ake. Nthawi yoika mphumi pansi itakwana, anthu onse anatsika ngati munthu mmodzi, iye naye anayesa. Bondo linakana pakati panjira, ndipo anagwera munthu wa pambali pake. Pemphero litatha wina anathamanga kukabwereka mpando woyera wapulasitiki kushopu ya matayala, nauika pafupi naye. Shehe Luqman anali atatembenuka kuyang'ana anthu, atakhala pakapeti, miyendo atapinda, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Jafar anayang'ana mpando uja, anayang'ana amalume ake. Chibadwire anali asanakhalepo pamwamba iwo ali pansi. Kumudzi akamalankhula nawo ankanjuta. Ngakhale pafoni ankapezeka wawerama. Anatenga ndodo yake n'kutuluka, ndipo sanabwerenso.

Sikuti sankadziwa. Anamvapo amalume akewo akuphunzitsa kuti wodwala aswali chokhala, akalephera aswali chogona. Kunyumba ankaswali atakhala m'mphepete mwa bedi, mtima osamutsutsa. Koma kukakhala pampando pamaso pa gulu, munthu amene anamulera ali pansi, thupi lake linkakana monga mmene bondo linkakanira.

Tsiku lina anakwera sitima kupita kumzikiti waukulu m'tauni. Kumeneko mipando inali yambiri, kumbuyo, ndipo palibe anamuyang'ana kawiri. Ulaliki unali m'Chingerezi chosakaniza ndi Chibunu. Anakhala pakati pa nkhalamba zosamudziwa ngati ali pamzere wolandira mankhwala. Sanapiteko kachiwiri.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankapempha kuweruka masana monga kale. Ankasamba, kuvala mkanjo ndi kofiya, kutuluka pageti, n'kukhotera kumanzere m'malo mwa kumanja kumene kunali galaja ija. Ankayenda mu Voortrekker Road, kudutsa mashopu a mipando yakale ndi magalaja, kuima pamlatho kuonerera sitima, kubwerera, kupitanso, mpaka nthawi ya mapemphero ithe. Pofika kunyumba bondo linkakhala litatupa ngati papaya.

Anthu sanachedwe kulankhula. Ena ankati Jafar wayambana ndi amalume ake. Ena ankati chiyambireni kudya za azungu anayamba kudzimva. Shehe Luqman sanafunse kanthu. Akakumana mumsewu ankalandira moni, "Tili bwino," n'kupitirira. Jafar ankaona kuti "tili bwino" ameneyo akufupikirafupikira mwezi ndi mwezi.

Tabia ankachapa ndi kusita m'nyumba za anthu, ndipo ankamva zonse m'matakisi. Madzulo ena akupaka mwamuna wake mafuta pabondo anati, "Bambo a Safia, mkanjo umenewu ndimauchapa sabata iliyonse. Fumbi lake si la kapeti."

"Fumbi ndi fumbi."

"La kapeti limakhala m'maondo. Ili likumakhala m'munsi, la mumsewu. Mukufuna ndizichapira anthu ogulitsa mipando yakale kuti aziona mwatchena?"

Jafar anangoti, "Paka apa, m'mbalimu."

"Amalume anu akuyesa mwawada."

"Akudziwa kuti sindingawade."

"Adziwa bwanji? Mwawauza? Inu a kwa Luqman nonse pakamwa panu mpolemera ngati chitseko cha fakitale."

Jafar anamuuza za mpando uja usiku womwewo, mawu ochepa, akuyang'ana kukhoma. Tabia anatseka botolo la mafuta.

Linali Lamulungu masana, mwezi wa Julaye m'chaka cha 2017, kunja kukuwaza kamvula kozizira kamene sikankadzaza ngakhale ndowa zimene anthu anatchera pansi pa malata. Jafar anali paulendo wake wa pampopi ndi pageti pamene anaona ambulera yakuda ikulowa. Pansi pake panali Shehe Luqman.

Chipinda cha Jafar ndi Tabia chinali ndi bedi, sitovu, mpando umodzi wathabwa ndi mkeka. Tabia anakoka mpando, koma Shehe anaukankha ndi nsonga ya ambulera.

"Ndiyalireni mkeka, apongozi. Ine mipando ndimakhalira m'takisi mokha, poti mulibe mochitira."

Anatsika pang'onopang'ono atagwira khoma, napinda miyendo. Tabia anagwada kupereka moni, nayamba kutereka tiyi. Jafar anatsala pakhomo. Pabedi sakanakhala, pampando sakanakhala. Pansi sakanafika, ndipo akanati afike, mwendo wosapindikawo ukanaloza amalume ake ndi phazi. Anawerama pang'ono, manja onse pandodo.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Taswera. Kaya a geti."

Shehe anayamba nkhani zina. Anakamba za madamu a madzi amene ankauma, za mwana wa uje amene anamugwira alibe mapepala, za mpunga wa ku Ntaja umene unakanika chaka chimenecho. Tiyi anabwera. Anamuuzira, kumwa pang'ono, kuika kapu pansi, kuyambanso nkhani. Jafar anasinthira thupi kumwendo wamanzere. Moto uja unayamba pansi pa chipsera n'kukwera m'ntchafu. Anafuna kuyenda, masitepe asanu okha kukafika pampopi, koma munthu sachoka akulu akulankhula.

Shehe anapempha kapu yachiwiri.

Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Jafar, kunja kukuzizira choncho. Ndodo inkanjenjemera, nsonga yake ikugogoda pansi yokha.

"Apongozi," anatero Shehe, osayang'ana kukhomo, "kodi mwalemba mlonda m'nyumba muno? Pali munthu wandiima pamutu chifikireni. Kwathu mwana akaimirira akulu atakhala timati n'ngosalangidwa. Ameneyu anamulera ndani?"

Tabia anabisa nkhope m'chitenje.

Jafar anayesa kutsika. Anagwira chitseko, kupinda bondo lamanzere, lakumanja kuliwongolera kumbali. Atafika pakati, ululu unamubaya mpaka anafuula, "Mayo!" Anatsala lendee, osatsika osakwera, mpaka Tabia anamugwira m'khwapa n'kumuimiritsa.

"Basi," anatero Shehe. Mawu awo anali atasintha. "Jafar, apongozi andiuza dzana za mpando wako. Zaka ziwiri. Ukudziwa zimene ndakhala ndikuchita zaka ziwiri zimenezi? Anthu amandifunsa, mwana wanu mwamulakwira chiyani? Ine ndimayamba kufufuza. Ndimati kapena poti ndine ndinamupezera ntchito ya masitepe ija. Kapena poti kuchipatala ndinapitako kawiri kokha. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka ndinafika pa tsiku lija ndinakukwapula chifukwa cha mbuzi za eni, pambuyo pake n'kudzamva kuti sunali iwe unazitsegulira."

"Amalume, zimenezo ndinaiwala kalekale."

"Ine sindinaiwale, poti unandipatsa nthawi yokwanira yozikumbukira. Ukuti unkandilemekeza. Ulemu wanji woti mwini wake akugona nawo ngati chilonda?"

Mvula inkalira pamalata.

"Ndilibe changu," anatero Shehe. "Tiyi alipo, apongozi ali ndi shuga. Uima mpaka chitsulocho chisungunuke, kapena ukhala."

Jafar anayang'ana mpando wathabwa uja. Anaukoka kuuchotsa pakati pa chipinda, kuukankhira pakona pafupi ndi chitseko, kutali ndi mkeka mmene chipindacho chikanalolera. Anakhala cham'mbali, m'mphepete mwenimweni, mutu atazyolika, manja ali pakati pa maondo. Bondo linapuma ngati munthu wotula katundu. Manyazi okha ndiwo sanapume, makutu ankatentha.

"Apongozi, tasuzumirani panja," anatero Shehe. "Phiri lija lilipo, kapena lagwa?"

"Lilipo, bambo."

"Chabwino."

Anamaliza tiyi wawo mosafulumira. Anafunsa za bondolo tsopano, mafunso enieni: limapweteka nthawi yanji, mapiritsi ake ndi otani, madokotala akuti chiyani. Jafar anayankha zoona, koyamba kwa munthu wina kupatula mkazi wake. Ananena kuti silinasiyepo kupweteka ngakhale tsiku limodzi, ndipo sakhulupiriranso kuti lidzasiya. Shehe sanamulonjeze kuti lidzapola. Anangogwedeza mutu.

Nthawi yonyamuka itakwana, Shehe anaika dzanja pansi, kukankha, thupi osakwera. Anayesa kugwira khoma, dzanja linaterereka. Anakhalanso, akupuma mwamphamvu.

"Sendera kuno ndi mpando wakowo."

Jafar anasendera, osamvetsa. Shehe anagwira mwendo wa mpando ndi dzanja limodzi, lina anatambasulira kwa iye. Jafar analigwira n'kukoka. Munthu wamkuluyo anali wopepuka modabwitsa, mafupa okhaokha m'kati mwa mkanjo, koma anakwera movutika, maondo akulira.

"Chaka chathachi chonse amandidzutsa anthu awiri tikamaliza kuswali," anatero ataima. "Ana a eni ake. Wina amandikoka ngati thumba la makala. Ukanadziwa ukanakhala ukubwera."

Anatenga ambulera yawo.

"Lachisanu ufike msanga. Mpandowo usakauike kukhoma. Ukauike pamene dzanja langa lingafike."

"Ndamva, amalume."

Jafar anatenga ndodo kuti awaperekeze. Bondo linali litauma kale, ndipo masitepe oyamba anayenda chokoka mwendo. Anatuluka pageti onse awiri pansi pa ambulera imodzi, pang'onopang'ono, mpaka pakona ya shopu ya matayala. Pamenepo Shehe anamuuza kuti abwerere, mvula ingamulowe m'chitsulo.